Amene Ankayankha Likhweru

Tsikulo linayamba ngati masiku ena onse. M'mawa Chiphazi anakwera phiri ndi alendo ake kukawaonetsa chidzenje cha pamwamba pomwe moto unatulukira kalekale, miyala yakuda yopepuka ngati siponji, ndi phanga lalitali limene chiphalaphala chinaboola chikutsetsereka. Dzina loti Chiphazi anamupatsa ndi anzake chifukwa cha nsapato zake, zoti khanda likhoza kugonamo n'kutsala malo. Ntchito yotsogolera alendo m'nkhalangomo ankaigwira ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake.

Kagwiridwe kawo kanali kosavuta. Chiphazi kutsogolo, alendo pakati, mlamu kumbuyo. Njira za m'phirimo n'zokhotakhota, mitengo ndi yothithikana, ndipo kufuula sikuthandiza chifukwa mawu amangobalalika m'matanthwe. Likhweru lokha ndi limene limaboola. Choncho pokhota paliponse Chiphazi ankaimba likhweru, mlamu n'kuyankha. Likayankhidwa ndiye kuti onse alipo, ulendo upitirire. Likapanda kuyankhidwa, aliyense aime pomwe ali. Kwa zaka zonsezi Chiphazi anasiya n'kucheuka komwe, makutu ndi amene ankamuonera kumbuyo.

Alendo a tsikulo anali ochedwetsa. Chithunzi apa, chithunzi apo, wina kufuna kuponya mwala m'chidzenje kuti amve ngati ufika pansi. Mlamu, munthu wa pakamwa posatseka, ankangowawonjezera nthabwala.

"Musawathamangitse, alamu," anatero. "Kwawo miyala kulibe."

"Dzuwa ndi lanu kodi, kuti likudikirani?" anayankha Chiphazi.

Pomwe ankatuluka m'phanga n'kuti dzuwa litalowa. Nkhungu inatsika mwadzidzidzi n'kuphimba nkhalango yonse. Kuseka kunatha. Kunatsala kuphwanyika kwa timiyala pansi pa nsapato, ndi fungo la mazira owola lochokera ku akasupe otentha a kumunsi.

Chiphazi anayatsa tochi. Pokhota poyamba anaimba likhweru. Linayankhidwa.

Pokhota potsatira anaimbanso. Linayankhidwanso, koma msanga kwambiri, iye asanatseke n'komwe milomo. Mlamu wake sankayankha choncho. Ankachedwa nthawi zonse, pakuti ankayamba wamaliza kaye nkhani imene ali nayo pakamwa. Chiphazi anazindikira zimenezo, koma anadziuza kuti mdima waphunzitsa mlamu changu. Anali ndi anthu a eni kumbuyo, ena akuterereka, wina akudandaula bondo. Sanacheuke.

Anatsika choncho mpaka pageti la malo ogona alendo. Mlonda anatsegula, alendo analowa mmodzimmodzi. Womaliza anali mayi wina wa magalasi. Kumbuyo kwake kunalibe munthu.

Chiphazi anaunika m'njira. Nkhungu yokhayokha.

"Mayi, mnzanga uja mwamusiya pati?"

"Ine ndimati ali kutsogolo ndi inu," anatero mayiyo. "Chitulukire m'phanga sindinaone tochi kumbuyo kwanga."

"Nanga likhweru?"

Mayiyo anavula magalasi. "Limalira pakhutu panga penipeni. Ndikacheuka, palibe munthu. Ndinaopa kunena."

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba. Anali mkazi wake.

"Mwatsika, bambo a ana? Muwauze achimwene adutsire kuno, ana akuwafuna."

"Tikubwera," anatero Chiphazi.

Mkaziyu ndi amene analera mlongo wakeyo makolo atamwalira. Ndi yemweyo amene anachonderera kuti mwamuna wake amutenge pa ntchito ya m'phiri, n'kunena kuti, "Ndili naye mmodzi yemweyu, mundisungire." Kubwerera kunyumba wopanda mlamu kunali kosatheka. Akanayambira pati kufotokoza?

Mlonda anapukusa mutu. "Dikirani kuche, akulu. Tiitane anthu."

"Kukamacha munthu atauma ndi chisanu?"

"Ine geti sindingalisiye."

Chiphazi anabwerera yekha.

Njira imene ankaidziwa ngati khonde la nyumba yake inasanduka yachilendo. Mizu inkamukola. Madontho ankagwa m'masamba ngati wina akuyenda pambali pake. Akaima, zonse zinkaima. Ankaimba likhweru pokhota paliponse, koma tsopano panalibe woyankha. Chete ameneyu anamuopsa kuposa mdima.

Anafika pamphambano. Njira ina imakwera kupita kuphanga, yotsetsereka, ya miyala yakuthwa, phompho lili pambali. Ina imatsikira ku akasupe otentha, yafupi, yosalala. Tochi inali itayamba kufiira. Ananyowetsa milomo n'kuimba.

Kumunsi, ku akasupe, likhweru linayankha pompo. Loyera, lamphamvu, lapafupi.

Chiphazi anapuma. Anaponya phazi kuti atsike.

Ndipo kumtunda, kutali, cha kuphanga, kunamveka likhweru lina. Lochedwa. Lodukaduka, ngati la munthu amene milomo yake yauma.

Anaimbanso kuti mwina makutu amunamiza. Kumunsi kunayankha msanga. Kumtunda kunayankha mochedwa.

"Alamu!" anafuula. "Alamu, muli kuti?"

Mawu anagunda m'matanthwe n'kubwerera kuchokera mbali zonse. Palibe anayankha ndi pakamwa.

Anaima pamphambanopo nthawi yaitali. Anayang'ana kumtunda: mdima, phompho, tochi yakufa. Anayang'ana kumunsi: pafupi pomwepa. Mantha ndi odziwa kulankhula. Anamuuza kuti munthu wanzeru akasochera amatsikira kofunda, kuti la kumtundalo ndi mawu ongobwerera m'phanga, kuti akagwa m'phompho ana ake adzalera ndani. Chiphazi anamvera. Anatsika.

Nthunzi inamulandira kumaso. Madzi ankabwata m'maenje, phwa, phwa, ngati mphika woiwalika pamoto. Anayenda mopapasa, akuitana chapansipansi. Tochi inazima. Anakhala pansi pomwepo, osayerekeza kusuntha, poopa kuponda m'madzi owira. Usiku wonse ankamva kuti pali wina pafupi, koma winayo sanatsokomole, sanasunthe, sanapume mokweza.

Kutayamba kuyera anamuona. Mlamu wake anali atakhala pathanthwe tsidya la kasupe, manja pamaondo, akumuyang'ana. Ayenera kuti anamuyang'ana choncho usiku wonse.

"Mwabwera, alamu," anatero.

Chiphazi anamuthamangira n'kumugwira m'mapewa, misozi ili m'maso. Ankafuna kumukalipira, ankafuna kumukumbatira. Koma manja ake anadabwa iye asanadabwe. Zovala za Chiphazi zinali zonyowa chuchuchu, udzu wonyowa, thanthwe lonyowa. Jekete ya mlamu inali youma. Ndipo thupi lake linkatentha ngati mwala wokhalitsa padzuwa.

"Mwafika bwanji kuno? Tochi yanu ili kuti?"

"Tiyeni kunyumba, alamu."

Anayamba ulendo wobwerera, Chiphazi kutsogolo monga mwa masiku onse. Atafika pamphambano paja, likhweru linamveka kumtunda. Lofooka. Palibe amene analiitana.

Chiphazi anaima. "Mwamva?"

"Ndi mphepo, alamu. Tiyeni."

Mawuwo anamvekera pakhutu pake penipeni. Chiphazi sanacheuke.

Kunyumba kunali chisangalalo. Mkazi wake analira, anaseka, anakalipa, anatenthetsa madzi osamba. Anayala pabalaza kuti mlongo wake akhale pompo mpaka apeze bwino. Aneba anabwera kudzazonda, ndipo potuluka ankanong'onezana pampanda. Ena ankati ndi nthunzi ya ku akasupe, imasokoneza mutu, zidzatha. Ena ankati phiri lija likabweza munthu, muzimuyang'anitsitsa.

Mlamu ankadya zimene wapatsidwa. Ankayankha akafunsidwa. Koma nthabwala zinatha. Ankakhala pampando moyang'ana khomo, manja pamaondo. Ana amene ankamukwera pamsana anayamba kumulambalala, ndipo wamng'ono anafunsa mayi ake chifukwa chake amalume saphethira.

Madzulo alionse Chiphazi ankatuluka kuseri kwa nyumba, komwe phiri limaonekera. Mphepo ikatsika kuchokera kumtunda, ankalimva likhweru lija. Lochedwa, lodukaduka. Anapita kwa anzake otsogolera alendo kuti akwere naye kuphanga.

"Tikafune ndani?" anamufunsa. "Mlamu wako si ali pabalaza pako?"

Anakwera yekha masana, analowa m'phangamo mpaka pomwe njira ya alendo imathera. Kupitirira pamenepo phanga limagawika timapanga tambirimbiri, tina tongokwana munthu wokwawa. Anaimba likhweru. Linayankha pansi pa mapazi ake, mkati mwa thanthwe, mochedwa. Anakumba ndi manja mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Mwala sunasunthe.

Usiku umenewo anayesa kuuza mkazi wake. Anamupeza akufunditsa mlongo wake bulangete.

"Mwandisungira, bambo a ana," anatero mkaziyo. "Sindidzaiwala."

Chiphazi anatuluka panja osamuuza.

Anakweranso mawa lake ndi mkuja wake, atanyamula chitsulo chokumbira. Tsiku lililonse likhweru linkachepa mphamvu. Kenako madzulo ena anaima kuseri kwa nyumba mpaka mdima unagwira. Mphepo inatsika bwinobwino. Inalibe kanthu. Anaimba, anadikira. Anaimbanso. Phiri linangoti zii.

Analowa m'nyumba. Mkazi wake anali kukhitchini, ana atagona. Uja wa pampando anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana. Kwa nthawi yoyamba chitsikire m'phiri, anamwetulira.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Watopa uja wa kuphanga."