Batire Losatha Moto

Silvesta anali ndi kashedi kake pa Golomoti, kuseri kwa ogulitsa tchipisi, momwe ankakonzeramo mawayilesi ndi mabatire akufa a sola. Manja aluso anali nawo, izi tisamumane, koma lusolo silinamugulirepo ngakhale nsapato. Ankadya kwa mlongo wake wamkulu, Tamanda, amene anamulera makolo atamwalira. Mayi ameneyu ankapalasa njinga yakapalasa kuchokera kunyanja, dengu la usipa kumbuyo, osatsika pachitunda chilichonse, moti amuna ankachita manyazi akawapitirira. Umphawi wokhawo Silvesta akanaupirira. Chomwe chinkamudya mtima chinali tsidya lina la msewu.

Kumeneko Happy, mnzake wa benchi limodzi kusukulu ya ku Mua, anaimika kontena yobiriwira, denga lonse masola okhaokha. Anachokera ku Lilongwe ndi kampani ya njinga zamoto zoyendera magetsi. Wakabaza batire likamuthera ankangosiya lakuthalo, kunyamula lodzadza, ulendo. Petulo masiku amenewo ankasowa, choncho akabaza anaunjikana kwa Happy ngati ntchentche pa bango lakupsa.

Koma mabatire a Happy anali ndi chilema. Ukakweza matumba a makala n'kulowa msewu wa Khwekhwerere, wokwera phiri kupita kumtunda, moto unkatha usanafike pamwamba. Akabaza ankanyinyirika. Pawayilesi timakampani tatsopano tinkangophuka, aliyense akulumbira kuti batire lake ndiye lomaliza, koma ukafunsa kuti lili kuti, ankati likubwera.

Silvesta anayesa lake. Anatolera timabatire ta m'malaputopu akale, nalumikiza, ndipo tsiku loyesa chinthucho chinaphulika n'kumuwaula nsidze msika wonse ukuona. Happy anawoloka msewu ali mwee.

"Achimwene, musadziphe. Bwerani muzipukuta fumbi pa masola anga, pamwezi ndizikuganizirani."

"Iwe Happy, masamu unkakopera kwa ine," anatero Silvesta, mano ali gwa.

"Eya, ndipo ndinakhoza," anayankha Happy, anthu nafa nacho chiseko.

Sabata yomweyo Silvesta anakwera basi wa ku Mtakataka, natsika, nawoloka njanji kulowera kwa a Namaliya, sing'anga woopedwa. Dzina la mayi ameneyu anthu ankalitchula motsitsa mawu. Anawapeza masanasana akusenda mtedza pakhonde, atavala bwino ngati akupita kutchalitchi. Sanamufunse dzina. Anamusiya afotokoze zonse, iwo maso ali pa lichero.

"Ndiye mukufuna moto wosatha," anatero pomaliza. "Bambo, chosatha kulibe. Chilipo n'chobwereka. Njinga ikamakwera phiri, wina ayenera kutopa. Ndani atope?"

"Happy," anatero Silvesta msangamsanga.

A Namaliya anaseka osatsegula pakamwa. "Mbuzi ya eni mungaigulitse? Munthu amagulitsa chake."

"Ndili ndi mwana kwa mkazi amene ndinalekana naye."

"Mwanayo ali ndi amalume ake, si wanu. Kwathu kuno mwamuna chake ndi mbumba yake, alongo ake obadwa nawo bere limodzi. Inu ndinu mwinimbumba. Amene mwapatsidwa kuti mumuyang'anire ndi yemweyo mungamupereke. Muli naye mlongo wamiyendo yolimba?"

Silvesta anakumbukira Tamanda ndi njinga yake.

"Afa?" anafunsa.

"Ine ndanena za imfa? Azingotopa. Munthu akatopa amapuma, mawa wadzuka. Mukatape dothi pamene waponda wopanda nsapato, mubwere nalo. Ndikasakaniza ndi zanga, mukatsekere m'bokosi, mumate ndi phula. Bokosi likhale limodzi. Ndanena limodzi."

Munthu wamtima akanadzuka pomwepo n'kulavula. Silvesta anangofunsa kuti dothilo likhale lochuluka bwanji.

M'mawa wina Tamanda akumanga dengu panjinga, mlongo wakeyo anawerama pabwalo ngati akutola ndalama, natapa phazi lonse la kumanja ndi chivindikiro cha chitini.

"Iwe Silvesta, ukufukulanso chiyani pakhomo panga? Phala lako lili pamoto apo, usapite ndi njala."

"Ndikumwa, achemwali," anayankha, dothi lili m'thumba.

Bokosilo analipaka utoto wofiira, natulutsa mawaya awiri, nalemba pamwamba kuti Mphezi. Analimangirira pa njinga ya Onani, wakabaza wina wosaopa zinthu. Njinga inalira ngati njuchi n'kuuluka. Onani anakwera Khwekhwerere ndi makala, natsika, nakweranso, moto uli chimodzimodzi. Madzulo ake Tamanda anafika akudandaula kuti miyendo ikulemera ngati wayenda m'matope. Anasisita ndi madzi otentha, mawa lake anadzuka bwinobwino. Silvesta anapumira m'mwamba. A Namaliya sananame.

Mbiri inawanda ngati moto wa lupsa. Kanema wa Onani anazungulira m'mafoni mpaka ku Blantyre: mnyamata wa kumudzi wapanga batire losafuna kutchaja. Akabaza amene dzulo ankamuseka anayamba kumutchula kuti abwana. Aliyense ankafuna lake, ndalama zili m'manja. Silvesta anayang'ana dothi lija, naona kuti n'lambiri ndithu kukhala m'bokosi limodzi. Analigawa. Mabokosi anakhala awiri, kenako asanu, kenako anasiya kuwerenga. Njinga zonsezo zinkakwera mapiri ndi miyendo ya mkazi mmodzi.

Anagwetsa kashedi kaja namanga sitolo ya magalasi moyang'anana ndi kontena ya Happy. Anagula suti ndi galimoto, nayamba kuyankhula Chingerezi chothyokathyoka pamaso pa atolankhani. Akamufunsa za m'kati mwa batire ankati ndi chinsinsi cha kampani, azungu angabe. Ndipo anthu ophunzira ndithu, a mataye awo, ankagwedeza mitu. Munthu akafuna kukhulupirira, ngakhale umuonetse bokosi la nsapato amaombera m'manja.

Happy yekha ndiye sanagwedeze mutu. Kontena yake inali itayamba kuchita dzimbiri, ndipo ankaima pamsewu n'kumakuwa.

"Batire losadya moto kulibe padziko lapansi! Moto ukuchokera kuti? Atsegule tione! Ngati si wakuba magetsi, ndi mfiti!"

"Nsanje!" akabaza ankamubwezera. "Pita ukapukute masola ako!"

Uko Tamanda anali akutha. Poyamba anayamba kutsika pazitunda n'kumakankha njinga. Kenako tsiku lina anagwa nayo pamlatho, usipa uli mbwee mumsewu. Kuchipatala anamuyeza magazi, malungo, shuga, osapeza kanthu. Miyendo ija inafota n'kukhala ngati misinde ya chimanga. Chodabwitsa, Lamulungu m'mawa akabaza ambiri akapuma, ankatha kudzuka n'kusesa m'nyumba. Tsiku la msika ankagona chagada, akupuma wefuwefu ngati akuthamangitsidwa, thukuta lili kamukamu pamphasa. Silvesta anamugulira matiresi ndi zakumwa za m'mabotolo, koma sankatha kumuyang'ana kumaso.

"Mulungu akudalitse, mlongo wanga," ankatero Tamanda. "Ndikanakhala ndilibe iwe, bwenzi nditafa kale."

Ndiye kunabwera anthu a ndalama zenizeni ochokera ku Lilongwe, ofuna kumanga fakitale. Anatsogoza mayi wina, injiniya, dzina lake Hilda, wosaseka ndi munthu. Iye anazungulira bokosi lija, naligogoda, nalinyamula kuti amve kulemera kwake.

"Bambo Silvesta, ine ndaona makampani ambiri olonjeza kumwamba. Onse akafika pa sikuludiraiva amadwala mutu. Titsegule?"

"Chinsinsi cha kampani, mayi."

"Chabwino. Ngati simutsegula, liyankhule lokha. Loweruka njinga yanu ndi ya a Happy zinyamule katundu wofanana, zizikwera ndi kutsika Khwekhwerere mpaka imodzi itagona. A Happy tiwalola kusintha mabatire momwe angafunire. Inu lanu ndi lomwelo, paja silitha."

Silvesta anavomera pamaso pa anthu. Atachoka pamenepo anathamangira ku Mtakataka. A Namaliya anali pakhonde pomwe paja.

"Ndinati limodzi," anatero asanakhale n'komwe pansi.

"Ndalakwa, mayi. Tisinthe munthu. Ndilipira chilichonse."

"Muli ndi mlongo wina?"

"Ayi."

"Ndiye mukundiuza chiyani? Njira ilipo imodzi. Mukatolere mabokosi onse, muwaswe masana anthu akuona, dothilo mukalibweze pamene munalitapa. Adzuka ameneyo, njinga adzapalasanso."

"Anthu akaona kuti ndi dothi andipha! Happy andiseka mpaka kumanda!"

"Ndiye sankhani amene aseke ndi amene alire. Ine mtedza wanga ukundidikira."

Pobwerera anadzinamiza njira yonse. Anati ndi tsiku limodzi lokha. Anati Tamanda ndi wolimba, wapirira zambiri. Anati fakitale ikatheka adzaswa mabokosi mwakachetechete, n'kugula mabatire enieni kunja, n'kumutengera mlongo wakeyo kwa madokotala a ku Joni. Loweruka m'mawa anadutsira kunyumba. Tamanda anamugwira dzanja ndi zala zozizira.

"Ndamva kuti lero ndi tsiku lako. Ukamuchititse manyazi Happy ameneyo. Ine ndikhala ndikukupempherera."

Silvesta anasolola dzanja lake natuluka.

Patsinde pa phiri panali anthu osaneneka, ena atakwera m'mitengo. Akabaza onse a Mphezi anabwera kudzaperekeza mnzawo, poti ankafuna dziko lione. Onani anakwera njinga yofiira, matumba a chimanga atamangidwa kumbuyo. Hilda anatsitsa mpango, njinga zinanyamuka, ndipo gulu lonse la mabokosi ofiira linatsatira pambuyo likuimba mahutala. Silvesta ataona zimenezo anafuna kukuwa kuti enawo atsale, koma makamera anali pa iye. Anangomwetulira.

Anakwera, natsika, nakweranso. Wakabaza wa Happy ankaima n'kusintha batire, Onani osaima. Dzuwa litafika pamutu anthu anali atasasa mawu. Dzuwa litapendeka mabatire a Happy anatha onse, ndipo iye anakhala pamwala atagwira mutu. Mpikisano unali utatha. Hilda anatembenukira kwa Silvesta kuti amugwire chanza.

Apa ndiye pamene munthuyu anaonetsa chimene anali. Anayang'ana Happy ali pamwala paja, chimwemwe choipa chinamukwera kumutu, nakuwa kuti, "Onani! Kweranso kamodzi, umunyamule iyeyo pamwamba pa matumbawo, akaone kumtunda!"

Anthu anamukweza Happy mokakamiza akuseka. Njinga zinayambanso chitunda. Zitafika pa kona yachiwiri, anthu onse akuziona, kulira kuja kunangoti zii. Sinali ya Onani yokha. Njinga zonse za mabokosi ofiira zinaima nthawi imodzi, zina n'kuyamba kubwerera chambuyo, eni ake akukwakwaza mapazi pansi.

Foni ya Silvesta inalira m'thumba. Sanaiyankhe. Anagwada mumsewu n'kuyamba kubuula, "Achemwali! Achemwali ine!" pamene panalibe munthu amene anali atamuuza kanthu.

Hilda sanadikire chilolezo. Anatsitsa bokosi limodzi, nalowetsa sikuludiraiva m'phula muja, nakanula. Munalibe selo ya batire ngakhale imodzi. Mawaya awiri aja anangozikika m'dothi lofiira losakaniza ndi tsitsi ndi tizikhadabo. Anatsegula lachiwiri, chimodzimodzi. Mayiyo anapukuta manja, nalowa m'galimoto. Koma anthu a kumudzi sanafunike kuwamasulira. Anamva dzina limene munthuyo ankalira, anaona dothi, ndipo uthenga wa maliro utafika kuchokera ku Golomoti, aliyense anadziwa amene ankakwera phiri miyezi yonseyi.

Akabaza anaphwanya sitolo ya magalasi ija n'kuyatsa galimoto. Akanamupha, koma apolisi anamulanditsa ali magazi okhaokha. Pamaliro abale anamuthamangitsa ndi miyala asanafike n'komwe pasiwa. Oyimba kwaya anati anthu amene anasambitsa thupi analira poona mapazi a Tamanda: anali ong'ambika ndi matuza, pamene mayiyo anali atatha miyezi osaponda panja.

Silvesta mutu sunabwererenso. Mukadutsa pa Golomoti lero mudzamuona, suti ija yasanduka nsanza, atakumbatira bokosi lofiira lophwanyika. Amaimitsa aliyense wodutsa, ngakhale ana a sukulu, n'kumuuza kuti wabweza dothi lonse, tsopano akamuuze mlongo wake adzuke. Akabaza amamulavulira. Happy, amene kontena yake idakalipo ndi mabatire ake otha moto pachitunda, samuyang'ana n'komwe.

Dyera ndi loipa, abale anga. Chuma chobwera mwa mankhwala chimakhala ndi wolipira, ndipo wolipirayo nthawi zonse amakhala amene amakukonda, chifukwa ndi yekhayo amene amakulola kufika pafupi. Ndipo wina akadzakuuzani kuti wapanga chinthu chopatsa osalandira, chogwira ntchito osatopa, musathamangire kuomba m'manja. Muuzeni atsegule, ndipo akakana, mufunse kuti kunyumba kwake akudwala ndani.