Buku Lokana Kugona Pansi

Regina ankakumbukira bwino lomwe kuti bukulo analisiya pansi, pambali pa mphasa yake, koma kutacha analipeza pamwamba pa kabati, litakulungidwa m'nsalu yoyera yonunkha mankhwala a njenjete.

Linali buku lopatulika la Asilamu, lobwereka ku laibulale ya koleji kumene ankaphunzira za zipembedzo za padziko lonse. Mtsikanayu ankakhala ku Kabwata kwa azakhali ake, a Eness, mayi wa Chigwirizano cha amayi a mumpingo, amene m'nyumba mwawo ngakhale wailesi inkaopa kuimba zachikunja. M'chipinda china munkagona ambuyake, a Amock, atate a azakhaliwo, amene kale anali mkulu wa mpingo, koma tsopano anali atafa ziwalo, osayenda, osalankhula.

Regina anangoseka n'kulibwezera pansi bukulo. M'mawa mwake, zomwezo. Tsiku lina anadzidzimuka kusanache, mdima uli bii, n'kumva mpopi wa panja ukutseguka. Madziwo sankangotayika ayi. Ankatuluka, n'kusiya, n'kutulukanso, ngati wina akutapa m'manja mosafulumira. Kenako anamva mapazi onyowa akuyenda pa simenti ya pakhonde, ndipo iye anafunda bulangete kumutu mpaka kunayera.

Ku Kabwata nkhani sigona. Azimayi a pamzere wa ufa ku sitolo ya boma anayamba kunong'onezana kuti mwana wa kwa a Eness akuwerenga mabuku oitana majini.

"Iwe Regina," anatero a Eness motsitsa mawu, "mabuku yako aya yaleta vintu mu nyumba. Nikamvelako futi manzi usiku, uzabwelela ku Katete. Sukulu yako izasilila pamene apo."

"Ba anti, ni sukulu chabe."

"Nakamba."

Mayeso anali pafupi, ndipo ku Katete kunalibe chomudikira koma khasu. Regina anachita mantha kwambiri.

Sabata yomweyo mphunzitsi wawo anafotokoza kuti Asilamu saika buku lawo pansi, ndipo salikhudza asanasambe manja, m'kamwa, nkhope, mikono, pomaliza mapazi. Anatinso akamwalira savekedwa suti, amakulungidwa m'nsanda yoyera, imene okalamba ena amagula akali moyo n'kuisunga, ndipo nkhope imalozetsedwa kumzinda wawo woyera, umene kuno uli chakumpoto. Cholembera chinamugwa m'manja Regina.

Madzulo ake anawaza phulusa la m'mbaula kuyambira pakhomo la chipinda chake mpaka pakhonde, bukulo n'kulisiya pansi dala. Kusanache mpopi unatseguka. Chitseko chinalira pang'onopang'ono, ndipo pafupi ndi mutu wake munthu anayamba kunong'ona mawu achilendo, oimba ngati maliro. Chinenerocho sankachimva, koma liwulo ankalidziwa. Ndi lomwe linkayambitsa nyimbo m'tchalitchi iye ali mwana.

Kutacha, mapazi a m'phulusa anamulondolera kuchipinda cha ambuyake. A Amock anali atazizira kale, nkhope itatembenukira pakona ya kumpoto, kuphazi kuli mbuu ndi phulusa. Sutikesi yawo yachitsulo, imene ana awo sanaionepo yotsegula, inali yasa, ikununkha mankhwala a njenjete.

A Eness anayang'ana mapazi a atate awowo nthawi yaitali, kenako anawapukuta ndi chitenje chawo.

"Palibe vamene waona," ananong'ona. "Atate benze mkulu wa mpingo. Wamvela?"

Regina anatenga nsalu yoyera ija pa kabati n'kubwera nayo. Anaitambasula, ndipo inali yaitali kuposa munthu.

"Ba anti, iyi nsalu yachoka mu sutikesi yao."

"Manje ni ya chani? Iwe wamene upunzila vonse, kamba."

Regina ankadziwa. Ankadziwa zimene nkhalambayo inabisa moyo wake wonse, ndiponso chimene inkamupempha iye, yekhayo m'nyumbamo amene akanamva. Koma anaona maso a azakhali ake, anaonanso msewu wa ku Katete.

"Siniziba, ba anti."

A Amock anaikidwa m'bokosi atavala suti yawo yakuda, azimayi a Chigwirizano akuimba mpaka mawu kusasa. Nsalu ija a Eness anaitentha kuseri kwa nyumba. Regina anabweza buku ku laibulale, analemba mayeso, ndipo za ku Katete sizinatchulidwenso. Koma mtima wake sunakhale pansi, chifukwa ambuyake ankawakonda.

Mvula yoyamba itagwa, anadzuka kusanache n'kumva mpopi ukutseguka. Madzi anatuluka, n'kusiya, n'kutulukanso. M'chipindamo munalibenso buku loti wina alikweze. Mapazi onyowa anadutsa pakhonde, chitseko chinalira, ndipo china chake chopepuka chinaikidwa pamiyendo pake.

Kutayera anaipeza nsalu ija itapindidwa bwinobwino, yopanda ndi banga lomwe la moto. Sinkanunkhanso mankhwala a njenjete. Inkanunkha dothi lonyowa.