Nsanja Zosalira za kwa Malemia

Mtembo unapezeka Lachiwiri cha m'ma 9 koloko m'mawa kwa Malemia, pansi pa imodzi mwa nsanja zachitsulo zochenjeza anthu Shire akamasefukira. Unali wa Francisco, injiniya wachinyamata amene ankalumikiza mawaya a nsanjazo. Kunkhongo kunali bala la chitsulo, ndipo foni yake panalibe.

Inspekitala Fanizo, amene wachita imvi akufufuza milandu ku Nsanje, anayang'ana m'mwamba n'kutsonya. Pansanjapo panali chithunzi cha Pulezidenti, uja anthu anamupatsa dzina loti aDijito. Bamboyo anachoka pa uphunzitsi wa makompyuta mpaka kukalamulira dziko polonjeza kuti batani lidzathetsa chilichonse: njala, mizere ya kuchipatala, tsopano ndi madzi omwe. Lachisanu ankabwera kudzadina batani la nsanjazo, chisankho chili pakhomo.

Ofuna kumusangalatsa sanagone. Pofika masana anali atagwira kale msodzi wina, Lorenso, chifukwa m'bwato mwake munapezeka foni ya malemuyo.

"Inakodwa mu ukonde, bwana," anatero Lorenso m'chipinda chofunsira mafunso. "Ine kupha munthu? Nkhabe."

"Mlandu uthe lisanafike Lachisanu," mkulu wa polisi analamula. Fanizo anadziwa kuti ukatha motero, Lorenso akaolera kundende.

Lachitatu anapita kwa Leonard, mkulu wa ntchito ya nsanjazo. Anamupeza muofesi yozizira ngati firiji, mafoni atatu ali ndandanda patebulo.

"Anthu a kuno ndi otsalira, Inspekitala," anatero Leonard. "Mitu yawo yadzaza mizimu ndi zitsamba. Msodziyo ankafuna waya, Francisco n'kumupezerera."

"Inu munali kuti?"

"Ku Chikwawa. Foni siinama, onani mapuwa osonyeza kumene ndinali."

Potambasula dzanja, malaya a Leonard anakwinyikira m'mwamba. Pamkono panali mphini zatsopano, zopakidwa mankhwala akuda. Fanizo anathokoza mwaulemu, mtima ukumunyansa.

Anazungulira asing'anga a m'deralo kufunsa za Leonard ndi galimoto yake mpaka anafika kwa mayi Esinala, amene anawapeza akuyanika mizu pamphasa.

"Wa galimoto yoyera uja? Anabwera dzulo," anatero mayiwo. "Ankafuna mankhwala a chirope."

Fanizo ankachidziwa chirope: misala imene amati imagwira munthu wokhetsa magazi a mnzake akapanda kutemeredwa msanga.

"Anati wapha ndani?"

"Akuti wagunda galu. Ndinamuuza kuti galu alibe chirope, mwananga. Iye anangondipatsa mkono."

"Nthawi yanji, mayi?"

"Dzuwa likungotuluka kumene. Za maliro tinamva pambuyo."

Lachinayi Leonard anakhala pa mpando womwe anakhalapo Lorenso. Fanizo sanakweze mawu.

"Foni yanu inagonadi ku Chikwawa, m'thumba la dalaivala wanu. Wavomera. Mkono wanu ndi umene unali kwa Malemia, ukutemeredwa chirope mtembo usanapezeke. Pindani malaya tione kutsogola kwanuko."

Leonard sanapinde. Mapewa ake anangogwa.

"Nsanjazo sizigwira ntchito," anatero motsitsa. "M'mabokosimo mulibe makina oyeza madzi, sanafike. Ndinamuuza Francisco kuti alumikize batani ku sipika, Pulezidenti akadina pamveke kulira, zina tikonza chisankho chikapita. Anakana. Anati anthu adzagona podalira nsanja, madzi n'kuwapeza m'nyumba. Anati adzaulula pamaso pa atolankhani."

"Ndiye munamuitanira kunsanja mbandakucha."

"Ndinkafuna tingokambirana. Atanditembenuzira msana, sipanala inali m'manja mwanga. Foni ndinaiponya mumtsinje." Anayang'ana Fanizo. "Simuwadziwa aDijito, Inspekitala. Safuna kumva mawu oti sizinatheke. Anandilonjeza unduna."

"Unduna," anabwereza Fanizo, osabisa kunyansidwa kwake. "Mwana wa eni wafera mpando umene simunaukhalepo n'komwe."

Madzulo omwewo anatsekula chitolokosi, Lorenso n'kutuluka akuphethira. Panja anyamata achipani anali kalikiliki kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Mwambo wa Lachisanu sunasinthidwe, ndipo wina anali atalumikiza kale sipika.

"Mumakhala pafupi ndi mtsinje, bambo?" Fanizo anafunsa.

"Pagombe penipeni, bwana. Ndi ana anga."

"Mvula ikayamba, muziyang'ana madzi ndi maso anu. Musadikire nsanja."