Khoma Lotchinga Mtsinje

Tsabola ataweruka kusukulu anapeza mtanda wofiira utapakidwa pa khoma latsopano la kuseri kwa shedi ya bambo ake. Penti inali isanaume n'komwe. Mayi wina wa ku khonsolo ankapukuta manja ndi kansanza, ndipo bambo ake, omwe anali kalipentala, anangoti chilili, sowo ili m'manja.

Dzina lakuti Tsabola anamupatsa ndi anzake chifukwa cha pakamwa pake. Sanadikire kutula chikwama.

"Mwalemba chiyani pakhoma pathu? Njerwazi munatiumbira ndinu?"

"Iwe, ulemu," anatero bambo ake, koma mofooka.

Mayiyo sanapse mtima. Analoza kumtsinje. "Mwanawe, dera lonse lino ndi chigwa chosefukira. Kumanga n'kololedwa ngati wakweza maziko. Koma kuyambira pa mtengo uwo kutsika kumunsi ndi njira ya madzi. Mtsinje ukadzaza umadutsa pamenepa mwaliwiro. Lamulo likukana khoma, likukananso kuthirapo dothi. Mukautsekera umasaka kwina kolowera."

Kalipentala anaseka chamumtima. "Inu nomwe mumati pano pamafika madzi a kamodzi pa zaka zana. Anafika chaka chathachi. Pomwe azidzabweranso ine nditaola kalekale."

"Dzinalo lapusitsa ambiri, bambo. Mtsinje suwerenga zaka. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chilichonse mpata ulipo, umodzi pa zana. Angathe kubwera chaka chino, n'kubweranso cha mawa. Khomali ligumulidwe."

Mayiyo atachoka, Tsabola anaponya chikwama pansi mwaukali. Chaka chatha madzi anakokolola matabwa onse m'shedimo, ndipo chitseko chomwe bambo ake anapala sabata yathunthu anakachipeza chitakodwa m'bango, chitafufuma. Nthawi imeneyo wa ku khonsolo sanaoneke ndi mmodzi yemwe. Lero munthu wadziteteza yekha, iwo ndiye abwera ndi penti!

"Mwina tingomvera," anatero bambo ake akukanda m'mutu.

"Ayi bambo! Anthu okhala m'maofesi mouma adziwa chiyani? Madzi akabwera adzatitolera matabwa ndi iwowo?"

Anatenga burashi n'kukwecha mtanda uja mpaka zala zinasupuka. Loweruka lililonse ankasenza njerwa yekha, ndipo khoma linakwera mpaka kumupitirira msinkhu.

Mvula yamphamvu inagwa Lamulungu lina masana. Mtsinje unafufuma, madzi amatope n'kubwera ndi zinyalala, zigubu ndi nthambi. Anamenya khoma lija, khoma osagwedera. M'shedi munali mouma gwa.

"Mwaona bambo!" anakuwa Tsabola akuomba m'manja. "Akabwere ndi penti yawo adzaone!"

Pomwepo anamva mfuwu. Madzi aja, atasowa podutsa, anakhotera m'mbali mwa khoma, n'kuthamangira pakhomo la mayi telala, omwe ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Tsabola anathamangira komweko. M'nyumbamo madzi anali a m'mawondo. Mayunifolomu a ana a eni, madiresi osokedwa theka ndi timipukutu ta ulusi zinkayandama. Mayi telala, mwana ali kumbuyo akulira, ankalimbana ndi kunyamula makina awo osokera.

Tsabola anagwira mbali ina ya makinawo. Mayiwo anamukankha dzanja.

"Siya! Usagwire!"

"Amayi, ndimati ndikuthandizeni..."

"Wandithandiza kale. Chaka chatha madziwa anathera pakhonde. Lero mwawapangira msewu wolowera kuchipinda kwanga. Ndinkakuona ukusenza njerwa, ukuimba. Eni nsaluzi ndikawauza chiyani?" Anamuyang'ana m'maso. "Tandiuza, matabwa anu ndi ouma?"

Tsabola anayang'ana pansi. Kansapato ka mwana kanadutsa pakati pa miyendo yake n'kutuluka pakhomo.

"Ndi ouma," anayankha motsitsa.

Anabwerera kwawo akuwoloka madzi ozizirawo. Bambo ake anali ataona zonse ali pakhomo la shedi. Iwo anatenga hamala yaikulu, iye anatenga piki, n'kuyamba kugumula khoma lija. Njerwa zoyamba zitagwa, madzi anawongoka n'kukhamukira m'shedi, matabwa n'kuyamba kuyandama limodzilimodzi. Palibe anathamangira kukawagwira.

Kutacha Tsabola sanapite kusukulu. Anachapa matope pa nsalu za eni, n'kuziyanika pa chingwe, bambo ake akumasula makina aja kuti awapukute ndi kuwathira mafuta. Njerwa zomwe zinatsala zamphumphu anakwezera nazo khomo la mayi telala.

Mayiwo anangowasiya kuti agwire ntchitoyo. Koma moni wa Tsabola sanamuyankhe mpaka nyengo ya mvula inatha.