Dzina la Keziya Linatsala Kudziwe

Amene anayamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali Philomena, Lamulungu m'mawa, pofuna kusambitsa mwana kuti apite ku Misa. Anaitana ali pakhomo: "Keziya!" Mwanayo anali atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi pomwepo, maso ali pa mpopi wa panja. Sanatembenuke. Mayiyo anaitananso mokweza mpaka galu wa kuseri kwa mpanda anauwa, koma mwana ali phee. Atamugwira paphewa anadzuka bwinobwino, nasamba, navala, osalira, osaseka, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Komatu uyu ndi Keziya amene komboni yonse ya Twapia, ku Ndola, inkamudziwa ndi pakamwa, mwana wa zaka zisanu amene anafunsapo kondakitala wa minibasi chifukwa chake sapesa tsitsi.

Dzulo lake bambo ake, Masauso Sakala, wowotcherera zitsulo pamsika, anali atapita naye kukawedza koyamba. Mwanayo anali atamutopetsa nazo chaka chathunthu. Masauso anamudulira kansungwi kofanana ndi msinkhu wake, namangirira chingwe ndi kambedza, choyandamitsa anachisema ku patapata wakutha. Nyongolotsi anakumba awiriwo kuseri kwa bafa, mwana akukuwa ndi chimwemwe. Kenako anamukhazika pakaliyala ya njinga, ulendo wa ku mgodi wakale wa Bwana Mkubwa.

Kutsidya kwa milu ya dothi la mgodi kuli chidzenje chakale chimene chinadzaza madzi. Madzi ake ndi obiriwira, osayenda, ndipo makoma a miyala anazungulira ngati mbiya. Pamenepo anthu amawedza tinsomba timene kuno amati impende. Koma pali lamulo limodzi limene aliyense wowedza pamenepo amalidziwa: saitanana maina. Mnzako umamuimbira likhweru, kapena umati "iwe wa chipewa". Ena amati pansi pa madziwo pali amuna amene anatsekeredwa mumgodi kalekale, ndipo popeza panalibe wowatchula maina pamanda, amatola maina a amoyo. Ena amati ndi nkhani za anthu okhuta kachasu. Masauso sankakhulupirira ndiponso sankatsutsa, ankangosunga lamulolo monga munthu amavulira chipewa m'tchalitchi. Ali m'njira anachita kumuuza mwanayo kuti, "Kumeneko ndizikakuitana kuti iwe, usakakwiye."

Koma abale, mtima wa kholo ndi wopusa. Kapatapata kaja katangomira, kansungwi n'kupindika m'timanja ta mwana, Masauso anaiwala zonse.

"Keziya! Keziya, koka! Koka, mwanawe!"

Kampende kanatuluka kakuphiriphitha, mwana akulumphalumpha. Masauso sanaseke naye. Makoma a dziwe lija amabweza mawu aliwonse, ngakhale chifuwa, koma tsiku limenelo sanabweze kanthu. Dzina linapita, osabwerera. A Shadreck, mkulu wina wopuma ntchito ya mumgodi amene ankawedza chapatali, anamuyang'ana nthawi yaitali, nakulunga chingwe chawo, nachoka osatsanzika.

Dzuwa litapendeka, Masauso akumangirira nsungwi panjinga, anamva liwu kumbuyo kwake, kuchokera pamadzi. Linali lapansipansi, ngati la munthu wolankhulira m'kapu.

"Keziya."

Mwanayo, poti anaphunzitsidwa ulemu, anatembenuka nayankha monga amayankhira ana a ku Ndola: "Mukwai!"

Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza. Njira yonse yobwerera anali duu, kansomba kali m'manja, ndipo Masauso anadzinamiza kuti mwana watopa. Kwa mkazi wake sananene kanthu.

Lolemba anapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, anamuunika m'makutu ndi kukhosi, nati mwana ali bwino, mwina wangodzidzimuka ndi chinachake. Anawapatsa timapiritsi ta mavitamini. Philomena anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje, chifukwa matenda amene adokotala sakuwaona ndi oopsa kuposa amene ali ndi dzina.

Kudera lawo madzi amabwera m'mbandakucha mokha. Mpopi usanatulutse madzi umayamba watsokomola mpweya, khoo, khoo, ndipo azimayi amadzuka ndi phokoso limenelo. Lachiwiri Philomena anadzuka kukadali mdima, magetsi atathima monga mwa masiku onse, natuluka ndi zidebe. Kunja kunali zii, ngakhale tambala anali asanalire. Mpopi unatsokomola kamodzi, kawiri, kenako mpweya uja unatuluka pang'onopang'ono, motalika, ndipo m'kati mwake munali mawu. Anawamva ndi makutu ake, sanali kulota ayi. Mpopi unatchula dzina la mwana wake.

Zidebe zinagwa. Pothamangira m'nyumba anagundana ndi Keziya pakhomo, ali chiimire, maso ali tong'o, akupita kumpopi.

Tsiku limenelo Masauso anamanga mpopi ndi mphira ya njinga mpaka zala zinatupa. Azimayi a mphakati wa kutchalitchi anabwera madzulo ndi madzi odalitsidwa, nawaza m'zipinda, napemphera kolona mpaka mawondo kuwawa. Mwana anakhala pakati pawo ngati mlendo. Ukamupatsa chakudya ankadya, ukamugoneka ankagona, koma thupi lake linali lozizira ngati la munthu wochokera kumvula.

M'mbandakucha wotsatira mpopi sunalire. Chinalira ndi mgolo wosungira madzi umene unali kukhitchini, m'nyumba mwenimweni. Masauso anamva madzi akubwadamuka pang'ono, bwu, bwu, ngati nsomba yapuma, kenako liwu lija. Atayatsa tochi ya foni anapeza mwana atakwera pampando, mutu wonse uli mumgolo. Anamukoka, tsitsi likuchucha. Madziwo anatungidwa oyera dzulo lake, koma pakhungu la mwana anali obiriwira, akununkha dzimbiri.

Anataya madzi onse m'nyumba, ngakhale a m'ketulo. Sizinathandize. Kutacha, mphasa ya mwana inali itanyowa ndi madzi omwe aja, ndipo milomo yake inali itayamba kuda.

Twapia ndiye sichedwa. Pamsika ankanong'onezana kuti Masauso wapereka mwana kuti malonda ayende. Ena ankati ndi apongozi a ku Katete amene sanakondwere ndi ukwatiwo. Azakhali ake a Philomena anabwera ndi nzeru yakuti amusinthe dzina, choncho tsiku lonse nyumba inali "Tabitha, Tabitha", koma mwana sanaphethire n'komwe. Madzulo ake Masauso analephera kupirira, naulula zonse, akunong'ona kuti mwana asamve.

"Munadziwa?" anafunsa Philomena, nayenso monong'ona. "Atate ake Keziya, munadziwa masiku onsewa, ine n'kumazungulira ndi mwana kuchipatala ngati wamisala?"

"Ndinkati mwina zitha zokha."

"Zitha zokha! Mwana wanga ndinakupatsani akulankhula. Ndibwezereni akulankhula."

Masauso anakhala pansi. Analira, bambo wamkulu, nkhope ili m'manja, ndipo mkazi wake sanamutonthoze.

Mawa lake Masauso anawapeza a Shadreck kwawo, akusoka ukonde wa nkhuku pakhonde. A Shadreck sanadikire kuti afotokoze.

"Wayankha mwana uja eti? Ndinadziwa." Anapukusa mutu. "Ine si sing'anga, mwana wanga. Ndinangoonapo kamodzi, mnyamata wa ku Mushili. Anatha sabata, kenako anamupeza atafa m'ngalande ya madzi osafika ndi m'kakolo momwe."

"Ndichite chiyani, atate? Chilichonse ndichita."

"Ena amati upite wekha ukamuitane pomwe unamutayira. Koma chikakufunsa funso, tseka pakamwa, thawa osacheuka."

"Nanga ndikathawa, mwana?"

A Shadreck anabwerera ku ukonde wawo.

Masauso anafika kudziwe dzuwa likulowa, owedza onse atapita. Mphepo inali italeka. Kunalibe chule, kunalibe nkhululu, ngakhale magalimoto a pamsewu wa ku Kapiri sankamveka, ngati wina watseka chitseko. Mdima unayambira pansi, pamadzi, n'kumakwera makoma pang'onopang'ono. Anatsikira pamwala umene anakhalapo ndi mwana wake. Kachitini ka nyongolotsi kanali pomwepo, pomwe anakasiya.

Anayamba kuitana.

"Keziya. Keziya, mwana wanga, tiye kwathu."

Kenako pakati pa dziwe panatuluka thovu limodzi, ndipo timafunde tinayenda mpaka kudzanyambita nsapato zake.

"Adadi."

Kalanga ine! Linali liwu lake lenileni, ndi kachibwibwi kake ka pamene wangodzuka. Masauso anagwada pamwala paja, mawondo ali m'madzi.

"Ndabwera, mama. Tuluka, amami akukudikira."

"Kukuzizira kuno, adadi. Kulibe magetsi. Kuli ankolo ambiri ovala zipewa zolimba."

"Tuluka, ndakubweretsera juzi."

"Akukana. Akuti munthu sachoka pashifiti asanabwere womulowa m'malo."

Masauso anakumbukira bambo ake, amene anagwira ntchito pansi pa nthaka moyo wawo wonse. Ankanena mawu omwewo akachedwa kufika kunyumba. Mwana wa zaka zisanu akanawadziwira kuti?

"Adadi, akufunsa dzina lanu. Ine ndawauza kuti ndinu adadi, koma akuti limenelo si dzina."

Funso lija ndi limeneli. Njinga inali pamwamba, njira ili pululu, akanatha kuthawa monga anamuuzira a Shadreck. Ndipo ndani akanamutsimikizira kuti wolankhulayo ndi mwana wake, osati chinthu chobwereka liwu lake? Ndani akanamulonjeza kuti akapereka dzina, mwana amasulidwa? Mwina Philomena akanatsala ndi anthu awiri oyang'ana mpopi m'malo mwa mmodzi. Panalibe womufunsa, panalibe pokambirana mtengo ngati pamsika. Anayesa kupemphera Atate Athu, anafika pakati n'kusokonezeka.

"Adadi, mwapita?" Liwu lija linayamba kulira. "Musandisiyenso."

Mawu akuti "musandisiyenso" ndiwo anamumaliza.

"Masauso," anatero. "Auze kuti ndine Masauso Sakala, mwana wa Amos."

Makoma sanabweze kanthu. Madzi anakhala bata. Kenako, pafupi kwambiri, pansi pa mwala womwe anagwadapo, mawu a amuna ambiri anaitana dzina lake pamodzi, motopa, ngati anthu amene adikira nthawi yaitali. Ndipo Masauso anayankha.

Ku Twapia, Philomena anali atakhala pamphasa, mutu wa mwana uli pamiyendo pake, kandulo ikutha. Anangomva thupi lija likufunda m'manja mwake. Mwana anatsokomola, nasanza madzi obiriwira pachitenje, natsegula maso.

"Amami, njala. Kansomba kanga mwakaika kuti?"

Philomena anakuwa mpaka oyandikana nawo anathamangira. Anamukumbatira, anamupsompsona, anaseka akulira, anamutchula dzina kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse mwana ankayankha mpaka anatopa nazo. Azimayi anayamba nyimbo yothokoza pakhomo. Philomena anakoleza mbaula, nathira madzi a tiyi a anthu atatu, akukonza mumtima mawu opepesa mwamuna wake.

Masauso anafika kukucha, akukankha njinga, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Sanalowe m'nyumba. Anatsamiritsa njinga kumpanda bwinobwino monga ankachitira masiku onse, napita pansi pa mtengo wa mapeyala, nakhala, maso ali pampopi.

"Atate ake Keziya, walankhula! Mwana walankhula!"

Sanatembenuke.

Philomena anaima. Anayandikira pang'onopang'ono, namugwira dzanja, ndipo linali lozizira. Chikwatirane anali asanamutchulepo mwamuna wake dzina, ngakhale pa mkangano. M'mawa umenewo analitchula, poyamba monong'ona, kenako mokuwa, akumugwedeza mapewa pamaso pa anthu onse.

"Masauso! Masauso, ndiyankhe!"

Keziya anatuluka ndi chibanzi m'manja, naima pambali pa mayi ake, akuyang'ana bambo ake mopanda mantha.

"Musawavute, amami, sakukumvani. Ali kuntchito. Ankolo aja akuti adzaweruka akabwera wina."

Philomena anamuyang'ana mwanayo, pakamwa pali yasa. Kumbuyo kwawo mpopi, womangidwa ndi mphira uja, unayamba kutsokomola. Mwana anameza chibanzi chake, namukoka chitenje.

"Anandifunsanso za inu, koma ine sindinadziwe. Amami, kodi inu dzina lanu ndani?"