Thunthu la Nthochi M'manda a Ezekiele

Woyamba kuliona anali Davison, m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala, atatsegula chitseko kuti akasukusule. Pakhomo penipeni panagona thunthu la nthochi lodulidwa kumene, madzi ake akudonthabe ndi kunyowetsa fumbi. Linali lomangidwa ndi luzi kumutu, m'chiuno ndi kumiyendo, monga momwe adzukulu okumba manda amamangira mtembo mumphasa. Komatu m'mudzi umenewu, kumunsi kwa njanji ya ku Golomoti, kumene dzuwa limaotcha mpaka malambe okha ndiwo amaima chilili, nthochi zinali kumadimba kokha, kutali ndithu. Davison analikoka n'kukaliponya kudzala anthu asanadzuke, pakuti ankadziwa zimene thunthu lotere limatanthauza.

Davison anali mkamwini pamudzipo. Anakwatira Namaliya, ndipo ankalima munda wa mpunga umene kale unali wa Ezekiele, mlongo wa mkazi wakeyo. M'nthawi ya chipani chimodzi, sitima ikadaimabe ku Golomoti amayi n'kumagulitsa chimanga chootcha m'mawindo, Davison anali mkulu wa achinyamata a chipani. Tsiku lina anabwera kudzatenga mbuzi ya mphatso kwa akuluakulu a chipani, Ezekiele n'kumuyankha mwanthabwala kuti, "Alamu, mbuzi yanga ilibe khadi, siingaloledwe kumsonkhano." Anthu anaseka. Sabata isanathe galimoto inabwera n'kumutenga Ezekiele, osaonekanso.

Patapita zaka, Davison yemweyo anabwera ndi uthenga wakuti Ezekiele wafera kundende ndipo thupi silibwera. Mwambo wake unali wodziwika: munthu akafera kosadziwika, abale amakulunga thunthu la nthochi mumphasa n'kuliika m'manda m'malo mwake. Analira, anameta, anafulula mowa, munda n'kupita kwa mkamwini.

Ndiye anthu atavota kuthetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, zitseko za ndende n'kutseguka, Ezekiele anatsika minibasi pamsewu, woonda ngati bango, mano akutsogolo atapita. Ana anathawa. Amayi anabisa nkhope. Palibe anamuthamangitsa, koma palibenso anamupatsa moni wa m'manja, kumugawira moto kapena kudya naye mbale imodzi, pakuti munthu amene unamuika m'manda ukadya naye umatupa. Njira yomubwezera pakati pa amoyo inali imodzi: kufukula manda, kuchotsa thunthu lija n'kulitentha. Koma asanagwire khasu, amene anabweretsa uthenga wa malirowo ayenera kuima pamandapo n'kunena pamaso pa anthu kumene anaumva. Davison anakana. Analibe kumene anaumva. Ezekiele anayembekeza, anapempha, kenako ananyamula kachikwama kake n'kupita ku Mtakataka, kumene a Mussa, ogulitsa usipa wouma, anamulola kugona pakhonde la sitolo yawo. Kuyambira tsiku limenelo Namaliya anasamukira m'kanyumba ka mwana wake Dorica, n'kumusiya mwamuna wake yekha.

Usiku wa tsiku limene anapeza thunthu pakhomo lija, Davison sanagone. Mwezi kunalibe, ndipo mdima unali wothina moti ngakhale dzanja lake silinkaoneka. Achule a kumunda wa mpunga, amene amalira usiku wonse, anangoti zii nthawi imodzi ngati wina wawavundikira. Kenako anamva chinthu cholemera chikukokedwa pansi, khwee, n'kuima, khwee, n'kuimanso, chikuzungulira nyumba pang'onopang'ono. Galu sanauwe. Chinthucho chitafika pakhomo chinagunda chitseko kamodzi, kumunsi kwenikweni, pamene mutu wa munthu wogona pansi ungafike. Kutacha, panali thunthu lina, lalitali kuposa loyamba.

"Mayi a Dorica, simunamve kanthu usiku?" anafunsa Davison.

"Ine ndimagona, bambo," anayankha Namaliya akupeta mpunga, osakweza maso. "Amene alibe tulo adziwa okha chimene chinawatengera."

Nkhani siibisika pamudzi. Ena anati ndi mzimu wa mayi ake a Ezekiele. Ena anati Ezekiele mwiniwakeyo anaphunzira mankhwala kundende kwa anthu a ku Mozambiki, ndipo amauluka. Thunthu lachitatu litabwera, lofanana ndi Davison msinkhu ndendende ngati wina anachita kumuyeza ali mtulo, iye anakwera njinga mpaka ku Mtakataka.

Anamupeza Ezekiele atakhala pathumba, akusoka dengu la usipa.

"Alamu, zimene mukuchita usiku musiye," anatero Davison ataima patali.

"Ee, alamu, mukulankhula nane?" Ezekiele anamwetulira ndi nkhama zake. "Samalani, mutupa. Kodi akufa amayankha milandu masiku ano? Ndiye ufulu umenewu wafika patali."

"Ndikukuuzani, ndikakunenerani kupolisi!"

"Njirayo mumaidziwa bwino. Koma mukalembetsa bwanji? Kuti ndikuvutitsidwa ndi malemu?"

A Mussa anatuluka m'sitolo akupukuta manja. "Bwana, musamunamizire munthuyu. Wallahi, chifuwa chake chimandidzutsa usiku wonse, ndimachita kumuponyera chofunda. Sachoka pakhonde pano. Afike kwanu ndi miyendo iti?"

Davison atatembenuza njinga, Ezekiele anamuitana motsitsa mawu. "Alamu, ine sindikufuna munda. Limani. Ndikufuna ndidye ndi mlongo wanga mbale imodzi ndisanafe zenizeni. Koma ngati mwatsimikiza kuti ndine wakufa, dziwani kuti akufa sachita changu. Amadikira."

Atabwerera kwawo, Davison anayamba kudwala. Miyendo inazizira ngati yamizidwa mumtsinje, khungu linayamba kutuluka timadzi tonanda tosanunkha thukuta, ndipo akadina ndi chala pamwendo, dzenje linkatsala. Kuchipatala anamupima n'kumupatsa mapiritsi, koma sanapeze chenicheni. Pamenepo Namaliya anabwerera m'nyumba kudzamusamala, n'kuyala mphasa yake pafupi ndi khomo.

Usiku umenewo mphepo inaleka, nyali inatha mafuta, achule anakhalanso chete. Kuchokera kunkhalango ya kumanda kunamveka khasu likugunda nthaka youma, gu, gu, mosafulumira, ngati la munthu amene ali ndi usiku wonse.

"Mayi a Dorica," ananong'ona Davison, "mukumva?"

"Ndikumva." Mawu a Namaliya anali aang'ono, osiyana ndi a masiku onse.

"Akukumbira ndani?"

"Musandifunse ine. Kunena zoona, bambo, uthenga wa maliro a achimwene munaumva kwa ndani?"

Khasu linagunda, linagundanso. Davison analira ngati mwana. "Sindinaumve kwa munthu. Ndinkaufuna mundawo. Itanani adzukulu mawa, ndikanena."

Anamunyamula panjinga mpaka kumanda. Ezekiele anabwera, n'kuima yekha pansi pa mtengo. Pamaso pa mudzi wonse Davison ananena zonse, za mbuzi, za galimoto, za uthenga wabodza. Adzukulu anayang'ana paliponse kufuna pamene panakumbidwa usiku, koma sanapeze ngakhale dothi limodzi lotembenuzidwa. Pamanda a Ezekiele panali udzu wa zaka zambiri, ndipo kamtengo kanali katamera pakati, mizu yake yolimba moti anachita kuidula ndi nkhwangwa.

Atafika pansi, mphasa inali itaola, yongotsala ulusi. Koma mkati mwake munagona thunthu la nthochi laliwisi, lobiriwira, likudontha madzi. Linali litavekedwa shati ya buluu, mabatani onse atamangidwa bwino mpaka m'khosi. Aliyense anaidziwa shatiyo. Davison anaivala dzana popita kuchipatala.

Mkulu wa adzukulu anatuluka m'dzenjemo mofulumira n'kudzisasa fumbi. "Ife munatiitanira thunthu la a Ezekiele," anatero. "La a Ezekiele mulibemo, atuluka okha. Ili ndi la wina, ndipo sitinalamulidwe kulikhudza. Anyamata, kwirirani."

"Iyayi! Litulutseni!" anakuwa Davison. Dothi linayamba kugwera pa shati ija. Anakwawa mpaka pamene panaima Ezekiele. "Alamu, auzeni inu, akumverani. Andikwirira ndili moyo!"

"Mwambo mukuudziwa, alamu," anatero Ezekiele mofatsa. "Apezeke kaye amene anabweretsa uthenga wa maliro anu, adzanene kumene anaumva. Mufunefuneni. Ine ndinadikira, nanunso mudikira."

Anthu anayamba kusuntha pang'onopang'ono, kumusiya Davison pakati yekha. Mnyamata amene anamubweretsa panjinga anaitenga n'kumapita.

Madzulo ake Ezekiele anasambitsidwa, n'kukhala pamphasa imodzi ndi mlongo wake, mbale ya mpunga ndi nyemba pakati pawo. Namaliya atatambasula dzanja, Ezekiele anaona madontho akuda a utomoni wa nthochi pachitenje chake, aja osachoka ngakhale uchape ndi sopo.

"Chemwali," ananong'ona, "kudimba n'kutali. Munkasenza nokha?"

Namaliya anayang'ana uku ndi uku. "Mathunthu a pakhomo aja ndinali ine, achimwene, ndipo sindikudandaula. Ndinkafuna alawe pang'ono zimene munalawa. Koma kumanda sindinapondeko. Usiku wa khasu uja ndinali naye m'nyumba, ndinamva ndi makutu angawa. Shatiyo ndinaichapa ndekha n'kuiyanika pachingwe. Ndinkayesa kuti ndinu."

Ezekiele anatafuna pang'onopang'ono, akuyang'ana kunkhalango ya kumanda kumene mdima unali utayamba kale kukhuthala.

"Si ine," anatero. "Ndiye kuti kumeneko ndili ndi abale. Anandisunga zaka zonsezi osandikana, kuposa a kuno."

M'nyumba ya kumapeto kwa bwalo, mmene munalibe nyali, Davison anali kuitana kuti wina amupatseko madzi. Mudzi wonse unamva. Palibe anadzuka.