Choko pa Mpira wa Tsabola

Kamtsikana aka amakatcha Tsabola. Dzinali anamupatsa ndi amalume ake. Tsabola sachedwa kupsa mtima.

Tsabola ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugonjetsa achimwene ake. Kamodzi kokha basi!

Loweruka lililonse awiriwa ankasewera masewera ogubuduza mipira pa kapinga. Kapingayo ndi wometedwa bwino. Kumapeto kwake kuli ngalande. Kutsogolo amaikako kampira koyera. Dzina lake ndi jeki.

"Jeki?" anafunsa Tsabola tsiku loyamba. "Nanga galimoto ili kuti?"

Amalume anaseka. "Si jeki wa galimoto ayi. Mpira umene waima pafupi ndi jeki, ndiwo wapambana."

Malamulo ankamukwiyitsa Tsabola. Nsapato zikhale zosalala kunsi. Phazi likhale pa kamphasa. Mpira usaponyedwe, ugubuduzidwe. Ndipo mpirawo suyenda mowongoka. Umakhota!

"Mpira wamwano!" ankatero Tsabola.

Achimwene ankapambana. Ankapambana lero, ankapambananso Loweruka linalo. Tsabola ankabwerera kunyumba atatupa masaya.

Tsiku lina Tsabola anapukuta mpira wake. Anaupukuta mpaka unawala. Anaponda pa kamphasa. Anawerama. Anaugubuduza pang'onopang'ono.

Mpira unayenda. Unakhota. Unakhotabe. Kenako, go! Unakhudza jeki.

Amalume anali ataima pafupi ndi jeki. Anatulutsa choko m'thumba. Analemba kamzere pa mpira wa Tsabola.

"Amalume!" anakuwa Tsabola. "Mwandidetsera mpira wanga!"

Anathamanga. Anagwada. Anafufuta chokocho ndi diresi lake.

"Tsabola, taima kaye," anatero amalume.

"Ayi! Ndaupukuta ndekha! Lembani wa achimwene!"

Tsopano unatsala mpira umodzi wa achimwene. Anaugubuduza mwamphamvu. Khaa! Unagunda jeki ndi mpira wa Tsabola. Jeki anagwera mu ngalande. Mpira wa Tsabola unagweranso momwemo, pambali pa jeki. Wa achimwene unaima pa kapinga, chapatali.

"Mpira wogwera mu ngalande wafa," anatero achimwene. "Ndapambana."

"Si yonse imafa," anatero amalume. "Mpira umene unakhudza jeki sufa. N'chifukwa chake timaulemba choko."

Achimwene anasuzumira mu ngalande. "Nanga choko chili kuti? Ine sindikuchiona."

Tsabola anayang'ana mpira wake. Unali waukhondo. Unali kuwala. Panalibe choko ngakhale pang'ono.

Mtima wake unawira.

"Amalume, bwanji simunandiuze?"

"Unandipatsa mpata, iwe?"

Tsabola anatembenukira kwa achimwene. Anagwira m'chiuno.

"Achimwene, munaona ndi maso anu! Munamva ndi makutu anu! Unalira kuti go!"

Achimwene anayang'ana kumwamba. Anayang'ana nsapato zawo.

"Si chilungamo!" anakuwa Tsabola. "Si chilungamo ayi!"

Misozi inalengeza m'maso mwake. Sinali misozi yachisoni. Inali yaukali.

Achimwene anamuyang'ana. Anayang'ana diresi lake. Milomo yawo inayamba kunjenjemera. Kenako anaphulika ndi kuseka.

"Amalume, choko chija ndachipeza. Icho, pa diresi!"

Tsabola anawerama. Zoonadi! M'munsi mwa diresi munali kadontho koyera.

"Unakhudza," anatero achimwene. "Ndinaona. Wandigonjetsa, mlongo wanga."

"Ndiye munangokhala chete chifukwa chiyani?"

"Kugonja kumawawa," anatero achimwene.

"Mwadziwa lero?" anatero Tsabola.

Achimwene anamunyamula pa phewa. Amalume ananyamula mipira. Onse anapita kunyumba.

Amayi anawachingamira pakhomo.

"Tsabola! Wadetsanso diresi? Vula ndikachape."

Tsabola anagwira diresi lake ndi manja awiri.

"Ayi, amayi! Ili lokha musachape. Adadi sanalione!"